Ndinakulirani M'munda wa Mapeyala a Chitchaina

Amayi anga, kumeneko muli bwanji kodi?

Kuno ku Perth tilipo. Papita miyezi isanu ndi itatu chikuikireni m'manda, ndipo ndi lero pamene dzanja langa lavomera kukulemberani. Malire akadali otseka chifukwa cha matenda omwe aja anakutengani. Mwambo wa maliro anu ndinaonera pafoni, achimwene a Lingani atainyamula m'mwamba, netiweki ikuduladula. Dothi loyamba likugwera pabokosi, chithunzi chinangoima. Ndinatsala pampando ndi mimba yanga ija, maso gwa, msozi osatuluka.

Mdzukulu wanu anabadwa mu Juni ku Joondalup, dera lina la konkuno ku Perth. Ndi wamkazi, tamupatsa dzina lanu, Esinati. Mphumi ndi yanu, kukwinya nkhope chakudya chikachedwa n'kwanunso. Mkamwini wanu akadali kumgodi, masabata awiri kumeneko, imodzi kunyumba. Kumudzi achimwene akuti chimanga chinachita bwino m'munda wanu wakumtunda, koma mtedza unadyedwa ndi chiswe. Mbuzi yanu yamakani ija yaswa ana awiri, ndipo ikulowabe m'dimba la eni.

Ine ndiye sindinali bwino, ndisakunamizeni. Mwanayu ndinkamusambitsa ndi kumuyamwitsa ngati ndili paganyu. Sindinkamuimbira. Inu amene munkati, "Mwana wosaimbiridwa amakula ndi mtima wouma," mukanandikalipira.

Pafupi nafe pamakhala mayi wina wachikulire wochokera ku China, Mayi Lin. Tinadziwana masiku amene tinatsekeredwa m'nyumba, pamene ndinkawasiyira zogula pakhomo. Loweruka lapitali anandigogodera.

"Vala, tenga mwana," anatero m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Tikaone munda wa mapeyala."

Mungaseke, Amayi, ndinanyamula thumba poganiza kuti ndi mapeyala athu aja opaka pabuledi. Ayi, awa ndi ena, mtengo wake ngati wa maapozi. Ndinapeza alibe chipatso, masamba ndi ochepa, koma nthambi zonse zili mbee ndi maluwa, ngati wina wamwazapo mbuliwuli.

Kamundako n'kakang'ono, sikafika ngakhale dimba lanu. Kali kuseri kwa holo imene nkhalamba za Chitchaina zimakumanako, ndipo zinakalima zokha. Chipata chake n'chozungulira ngati lichero. Pakati pali kadziwe ka nsomba zofiira, kumapeto kansanja kofolera, pakhoma atajambulapo nkhope zofiira, zakuda ndi zoyera. Mayi Lin anandiuza kuti kalekale mfumu ya kwawo inkaphunzitsira anthu kuimba pansi pa mitengo yotereyi, n'chifukwa chake mpaka lero ochita zisudzo zoimba amatchedwa ana a m'munda wa mapeyala.

Anandikhazika pabenchi n'kusowa. Atatulukira pakansanja paja sindinawazindikire: nkhope atapaka utoto, mkanjo wa mikono yaitali mpaka m'maondo. Bambo wina wa imvi anayamba kukwecha choimbira chonga kaligo, koma cha zingwe ziwiri. Mawu amene anatuluka mwa Mayi Lin anali aang'ono, okwera kwambiri, moti ndinagwira pakamwa kuti ndisaseke. Koma nyimbo ili pakati anaima, n'kuphimba nkhope ndi mkono wa mkanjo uja. Mapewa awo ankagwedezeka. Bambo aja anapitiriza kukwecha okha, ndipo palibe anaomba m'manja.

Atatsika anadzakhala pambali panga, utoto utayenderera m'masaya.

"Nyimboyi tinkaimba awiri ndi akulu anga," anatero. "Anamwalira chaka chatha ku China. Inenso ndinaonera pafoni." Kenako anandigwira bondo. "Iwe amayi ako sunawalire, ndimakuona. Kwanu mumaimba chiyani munthu akapita?"

Ndinati mawu oimbira ndilibe. Anati, "Anga aja wawamva, nawonso ndi operewera, koma ndaimba."

Ndinaimirira, Esinati ali kumsana m'chitenje chanu chobiriwira chija. Ndinayamba nyimbo imene munkatsogolera pamaliro, amayi anzanu a kwaya n'kumapolokozera. Mzere woyamba unatuluka ngati wa munthu wachimfine. Bambo a choimbira aja anatchera khutu, anayesa, anaphonya, anayesanso, mpaka anaipeza. Nkhalamba zonse zinaimirira, amuna anavula zipewa. Panalibe wodziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa, koma pofika ndime yachiwiri ena ankang'ung'udza nane. Apo mpamene misozi inabwera, Amayi. Ndinalira mokuwa monga timalirira kwathu, ndikukutchulani dzina, ndipo palibe anandiletsa. Mayi Lin anangomasula mwana kumsana kwanga n'kumunyamula mpaka nditamaliza.

Munkakonda kunena kuti maliro n'kulirana. Ine ndinkayesa mukunena za anthu a m'mudzi mwathu okha.

Chichokereni kumeneko ndikugona tulo, chakudya chikukoma, ndipo mdzukulu wanu watopa nazo nyimbo zanga. Zikomo, Amayi, pondiphunzitsa kugogoda pakhomo la mnansi ngakhale sitimvana chilankhulo. Pakanapanda chizolowezi chanucho, bwenzi ndikadali pampando uja.

Loweruka likubwerali Mayi Lin akukumbukira tsiku limene akulu awo anamwalira. Ana awo ali kutali, sangabwere. Ndawauza kuti kwathu wofedwa sakhala yekha. Ndikalawirira m'mawa, ndikawasesera, ndikaphika tiyi, ndipo ndikakhala nawo pansi mpaka dzuwa litapendeka, monga mukanachitira inu.

Malire akangotseguka ndikubwera, ndalonjeza. Chiliza chanu achimwene ndawaletsa kumanga ndisanafike. Ndikufuna mchenga wake ndidzatute ndekha pamutu.

Ndimakukondani, Amayi. Gonani bwino.

Ndine mwana wanu,
Tadala