Khoma Lomwe Ndinapakitsa Laimu

Amayi, kodi kumeneko mwakhazikika bwanji?

Kuno tilipo. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Fodya wachita bwino chaka chino, kungoti mphepo inagwetsa chigafa mbali imodzi, ndipo wosoka masamba mwachangu ngati inu palibe.

Koma chandilembetsa ndi china. Sabata yatha aphunzitsi tinali pamaphunziro ku Kasungu. Amene ankatiphunzitsa anafotokoza za liwu lachingerezi lija, "art", lomwe ndimaphunzitsa ana ku Mtunthama. Akuti linachokera ku Chilatini, ndipo poyamba silinkanena za zithunzi zopachika m'nyumba za olemera ayi. Linkanena za luso la manja, kudziwa kulumikiza zinthu kuti zigwirane bwino. Woumba mbiya, wosoka, womanga, onsewo alimo. Anzanga ankalemba m'makope. Ine ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa kalasi, misozi ili chuchuchu.

Mukukumbukira chaka cha chinkhoswe changa. Munatha masiku anayi mukutsutsuta nyumba ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera, n'kujambula masamba a fodya kuzungulira zenera ndi zala zanu. Munkakonda kunena kuti nyumba nayonso imafuna kuvala. Nditafika ndinati, "Amayi, akubwerawa ndi anthu a m'tauni. Izi ndi zachimidzi."

Munandifunsa modekha, "Si zomwezi umaphunzitsa ana kusukulu?"

Ndinaseka. Ndinati zakusukulu ndi zina, inu simungazidziwe. Mawa lake ndinabwera ndi thumba la laimu. Munandilanda burashi n'kupaka nokha, munati ndingawononge manja alendo asanandione. Chichokereni tsiku limenelo simunajambulenso khoma, ndipo ine ndinkaganiza kuti ndi ukalamba chabe.

Loweruka ndinapita kwathu ku Njombwa. Ndinatenga mpeni n'kuyamba kupala laimu m'munsi mwa zenera, koma ankachoka pamodzi ndi dothi lanu. Ndinalekera pomwe ndinapeza kachigawo ka tsamba, kochepa ngati chikhatho, mizere ya zala zitatu ikuonekabe. Ndinaikapo zala zanga. Zanu zinali zazing'ono, Amayi. Sindinkadziwa.

Dothi lofiira ndikudziwa kuti ndi la pachulu, lakuda ndi la kudambo. Loyeralo sindikudziwa komwe munkalitapa. Ndafunsa azakhali, akuti munkalawira nokha ndi dengu, osauza munthu. Zaka zonse zija muli moyo mukanandiuza ndikanangofunsa.

Mvula ikatha ndidzatenga dengu n'kuyenda m'makwawa onse mpaka ndilipeze. Ndidzajambula khoma lakum'mawa, lomwe limaonekera kumsewu. Mizere yanga idzakhala yokhota, ndipo wondiwongolera dzanja palibe, koma ndidzajambulabe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati