Wakuba Mawaya a Pikapu

Loweruka, 4 Meyi

Tsiku lonse pa chitseko cha kumanzere cha pikapu ya Ababa. Dzimbiri lake si lamasewera. Ndikapala, pansi pake pali linanso, ndikapalanso, chala chikutulukira mbali ina. Sandipepa watha, ndamalizira ndi bulashi ya waya. Tsitsi lafiira, m'mphuno mwafiira, ngakhale malovu.

Ndiye ndili pakati pa ntchito, Achimwene aimba foni. Osafunsa n'komwe kuti Ababa adzuka bwanji. "Chitsulo chija chafika pati?" Ndati chikuyenda. Akuti ndifulumire. Munthu amene chiyambire sanatumizeko ngakhale nati imodzi. Pikapuyi yakhala kuseri kwa nyumba kuyambira pomwe Ababa anasiya kuyendetsa chifukwa cha maso, nkhuku za eni zikuikiramo mazira, Achimwene akabwera pa tchuthi n'kumayanikapo thaulo. Lero ndiye akudziwa kufulumira.

Ine ndikuikonza pa zifukwa zanga. Abwana a ku bekale anandiuza pamaso pa anthu kuti ndikapeza galimoto andipatsa ntchito yogawa buledi m'magolosale, ndichoke pa uvuni. Zaka zonsezi ndili pa moto uja, khungu la m'mikono lachita kukhakhala. Zimenezi Achimwene sizikuwakhudza.

Lamulungu, 5 Meyi

Ababa akhala pa mpando wawo pa mthunzi, ndodo pakati pa miyendo, kundiyang'ana ndikutsuka kabureta m'beseni losambira. Osanena kanthu. Zikundipweteka, chifukwa nditangoyamba ntchitoyi sankandipumitsa. "Sipanala imeneyo si yake." "Usamange ngati ukumenyana nayo." Ndi iwo omwe anandiphunzitsa zonsezi ndili mwana, ndikuwapatsira zida iwo ali chagada pansi pa galimoto. Koma chichokereni Achimwene kumapeto kwa mwezi watha, pakamwa anatseka. Ndawafunsa ngati kasipuling'i kamalowa chonchi. Akuti, "Wadziwa kale zonse iwe." N'kudzuka kukagona masana.

Ndawalakwira chiyani? Ndimawaphikira, ndimawachapira, mankhwala a m'maso ndimawadonthezera ndine.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ku shopu ya masipeya. Ndafunsa lamba wa fani, wogulitsa akuti, "Amuna anu sanakupatseni wakale woti tiyerekeze?" Ndamutulutsira wakaleyo m'chikwama, ndamuuza kuti ndinachotsa ndi manja awa, ndipo mwamuna ndinasiyana naye kalekale, analinso wosadziwa kusintha babu. Waseka. Ine sindinaseke. Watsopano wadula, ndakatenga wogwirako kale ntchito kwa ophwasula magalimoto, akadali wabwinobwino.

Owotcherera abwera madzulo, atseka dzenje la pansi pa mapazi a dalaivala ndi lata la chitseko cha firiji yakale. Pakuoneka ngati chigamba cha pa thalauza koma ukapondapo sipagwedera. Mpando ndaukuta ndi katani wakale wa pabalaza, wa maluwa uja. Amene aseke aseke.

Lachinayi, 9 Meyi

Yatsokomola. Injini yatsokomola kawiri, utsi wakuda bii, kenako yazima. Ndinatsala pang'ono kulira. Ndatembenuka kuti ndione nkhope ya Ababa, ndapeza mpando wokha.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndabwera kuchokera ku ntchito ndi changu choti lero ilire ndithu. Ndatsegula boneti, mawaya awiri a mapulagi palibe. Ndafunafuna pansi, mu udzu, m'beseni. Palibe. Dzulo ndinawalowetsa ndekha, sindine wamisala.

Ababa akuti sanaone munthu. Inde, ndi maso awowo angaone ndani.

Lolemba, 13 Meyi

Loweruka ndinakagula mawaya ena, dzulo ndinawaika. Lero mawaya alipo, koma paipi ya petulo yapita, ndi mafyuzi onse. Wakubayu si mbuli. Sakutenga batire, sakutenga jeke, akusankha tinthu ting'onoting'ono toti galimoto isalire basi. Ndipo akumasula bwinobwino, osathyola kanthu, n'kutsekanso boneti mwaulemu.

Ndikudziwa kuti ndi ndani. A Zitsulo a kuseri kwa mpandawu, aja amagula zitsulo zakutha n'kumagulitsa pa sikelo. Chaka chatha anabwera kangapo kudzapempha kuti tiwagulitse pikapuyi ayiphwanye. Akufuna nditope, ndiwapatse. Tsiku lililonse amasuzumira pa mpanda, "Achemwali, idzuka koma imeneyo?" ndi kumwetulira kwawo kwa mano awiri.

Ndapita konko ndi ovololo yomwe. Ndawauza pamaso pa akazi awo kuti akapondanso pakhomo pathu tikaonana kupolisi. Akazi awo ndiwo anayankha: "Fufuzani mulu wonsewo, mukapeza chanu mutenge ndi ena omwe." Ndafufuzadi. Sindinapeze. Ndiye kuti anabisa m'nyumba.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndamanga boneti ndi tcheni cha njinga ndi loko. Kiyi ndamupachika pa msomali wa kukhitchini. Abwana afunsanso za galimoto, akuti pali munthu wina wa kaminibasi amene akuifuna ntchito ija, sangadikire mpaka kale.

Lachitatu, 15 Meyi

Sindikudziwa kuti ndiyambire pati.

Magetsi anazima ku bekale m'mawa, anatiuza kuti tizipita. Ndalowa pa geti, ndikumva kachitsulo kakulira kuseri. Ndavula nsapato, ndatola mpini wa khasu, ndazungulira nyumba mwakachetechete kuti ndiwagwire a Zitsulo ali pomwepo.

Boneti yotsegula. Tcheni chili pansi, loko waikidwa bwinobwino pamwamba pa tayala. Amene wawerama pa injini ndi Ababa. Ndodo ayitsamiritsa pa bampala, nkhope aloza kumwamba chifukwa sakufunika kuona, zala zokha zikuyenda m'mawaya. Ndaima ndikuonerera akumasula chingwe cha thirotolo, n'kuchipinda, n'kuchiika m'thumba la jekete.

Ndinati, "Ababa."

Sanadzidzimuke n'komwe. Anangoti, "Wabwera msanga."

Ndinakalipa, sindibisa. Ndinawauza za mapazi anga otupa ndi kuyenda kwa ophwasula magalimoto, za nsapato zatsopano zomwe sindinagule kuti ndigule masipeya, za manyazi amene ndakachita kwa aneba. Ndinawafunsa ngati akufuna ndifere pa uvuni. Anamvetsera zonse, kenako anatenga ndodo yawo, nati, "Galimoto ndi yanga," n'kulowa m'nyumba.

Chakudya chamadzulo ndawaikira pa tebulo, ine ndadyera panja.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndabwera kuchokera ku ntchito, ndapeza zonse zayalidwa pa tebulo la pabalaza, pa nyuzipepala. Mawaya, paipi, mafyuzi, chingwe. Zopukutidwa kale. Ababa atakhala pambali, avala jekete ngati akupita ku mlandu.

Anati, "Tenga. Koma undiuze tsiku lake, ndisadzangoona makatoni."

Ndinafunsa kuti tsiku lanji, makatoni anji.

Ndiye zinatuluka. Achimwene atabwera mwezi watha, ine ndili ku ntchito, anawauza kuti pikapu ikangodzuka tidzapakiramo katundu wawo, akakhale kwa Achimweneko, m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Nyumba ino igulitsidwe. Ndipo anawauza kuti tinagwirizana kale ine ndi iwo, n'chifukwa chake ndikuikonza.

Tinagwirizana. Ine. Liti? Pa foni iti?

Ndiye kuti masabata onsewa Ababa akhala pa mpando paja akundiyang'ana ndikupala dzimbiri, akuganiza kuti ndikukonza galimoto yowachotsera m'nyumba imene anamanga okha, imene Amayi anamwaliriramo. Ine ndikuimba nyimbo, ndikuwafunsa za kasipuling'i.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandifunse. Akuti, "Ndikanafunsa, ukanayankha kuti inde. Ndimaopa kumva."

Ndakwiyira onse awiri. Achimwene chifukwa cha bodza. Ababa chifukwa anakhulupirira. Ndinabwerera pakhomo pano ukwati utatha, ndawasamalira zaka zonsezi, ndiye mawu amodzi a mwana wamwamuna wobwera kawiri pa chaka alemera kuposa zonsezo.

Lachisanu, 17 Meyi

Ndapita kwa a Zitsulo ndi buledi awiri. Ndapepesa. Akazi awo analandira bulediyo osandiyang'ana. Eni ake anangoti, "Ndimawaona madala m'mawa uliwonse pa mpandapa, koma ndikanati chiyani? Munthu akuba zake zomwe." Ndiye amadziwa, n'kundilola ndifufuze mulu wawo wonse wa zitsulo ndi manja.

Ndaimbira Achimwene. Ndisanamalize anati zimenezi si za pa foni, abwera mawa. Abwere.

Madzulo ndabwezeretsa zonse m'malo mwake. Ababa anakoka mpando kufika pafupi. Kenako anati, "Waya wachitatu ndi wachinayi wasinthanitsa." Ndinayang'ana. Zinali zoona. Sindinathokoze.

Loweruka, 18 Meyi

Achimwene abwera pa basi ndi mtolo wa makatoni opindapinda, womanga ndi chingwe. Atamva kale zonse pa foni, makatoni abwera nawobe. Nsapato zonyezimira, wotchi, fungo la perefyumu kudzaza pabalaza.

Ndinawafunsa pamaso pa Ababa kuti tinagwirizana liti. Anati iwo ndi wamkulu, amaganizira banja lonse, ankadziwa kuti ndikamva ndivomera. Ndinati munthu savomera chinthu asanachimve, ndipo dzina langa si chidindo choti azingodinda pomwe afuna. Anati ndasowa ulemu. Ndinati ulemu ndinaupala limodzi ndi dzimbiri.

Kenako Achimwene ananena chimene sindinkadziwa. Akuti mwezi wa Malichi Ababa anagwa m'bafa ine ndili ku ntchito, anagona pansi mpaka dzuwa kukwera, anadzuka okha pogwira paipi. Anauza Achimwene pa foni, ine ayi. Chilonda cha pa chigongono chija anandiuza kuti anadzigunda pa chitseko, ine n'kuwapaka mankhwala ngati chitsiru.

"Ndiye ukufuna tidzawapeze atazizira m'bafamo?" anatero Achimwene. Ankanena zoona, ndipo chimenecho chinandikwiyitsa koposa zonse.

Ababa anatisiya tikangane mpaka titatopa. Kenako anagogoda ndodo pansi. Anati, "Mwatha? Ndinagwa, inde. Ndinabisa, inde. Koma sindine thumba la simenti loti muzikambirana kuti litsikire pati. M'nyumba muno sindichoka. Vuto lanu ndi loti m'mawa ndimakhala ndekha. Uyu akayamba kugawa buledi ndizikwera naye. Misewu ndikuidziwa kuposa iye, ndipo galimotoyi ikadwala ndimaimva ndi khutu."

Achimwene anati si nzeru. Ine ndinati sanandifunse ngati ndikufuna wondilangiza pa giya iliyonse. Ababa anati palibe amene anawafunsa iwonso, ndiye tafanana.

Achimwene agona pa sofa. Sitinalankhulane. Ndawapatsa bulangete lopyapyala lija, dala.

Lamulungu, 19 Meyi

M'mawa ndapeza Ababa atamasula kale mtolo wa makatoni, ayala awiri pansi pa injini. "Oyilo akudontha pa nati ya pansi, gona apa umange." Achimwene ataima pa khonde ndi kapu ya tiyi, akuyang'ana makatoni awo akudetsedwa.

Ndamanga. Ndathira petulo wa m'botolo. Ndapotokola kiyi, batire yangoti kho kho, yafooka ndi zoyesayesa za sabata yonse. Ababa anali atakwera kale, akhala pa katani wa maluwa, ndodo pakati pa miyendo. Anatulutsa mutu pa windo.

"Iwe wamkulu woganizira banja lonse. Kankha."

Ndimayesa akana. Anaika kapu pansi, anapinda manja a shati, anapita kumbuyo. A Zitsulo anatulukira pa geti osaitanidwa, nagwira mbali inayo. Tinatuluka pa geti pang'onopang'ono, matayala akulira, mpaka pamene msewu umayamba kutsetsereka.

"Giya yachiwiri," anatero Ababa. "Usasiye kilatchi ndisanakuuze. Dikira. Dikira. Tsopano."

Inagwedezeka ngati ikufuna kuthyoka pakati, inatsokomola, kenako inalira. Kulira kwenikweni, kosalekeza, chitseko cha kumanzere chikunjenjemera, fumbi la dzimbiri likugwa kuchokera kudenga n'kutithira m'mutu. Pa galasi ndinaona Achimwene ataima pakati pa msewu mu utsi, manja pa mawondo, shati yonse yofiira, akutikodola kuti tiime.

Ndinayamba kuponda buleki. Ababa anandigwira mkono.

"Ukaima izima. Tizungulire kaye. Timupeza pobwera."