Zala Zisanu za Amayi

4 Juni, Ntaja
Amayi abwerako kuchipatala ndi botolo la mofini wamadzi. Khansa yafika m'mafupa. Wowasambitsa ine, wochapa zonunkha ine. Koma akangotsegula maso: "Nasiru wadya?" Mlongo wanga Nasiru, chibambo chandevu. Chigwereni pa njinga yamoto ku Balaka sanagwirenso ntchito. Kumangotafuna mapiritsi oletsa ululu a tramado ngati mtedza.

9 Juni
Kwabwera a Gladys, namwino wa kafukufuku. Akuyendera odwala khansa m'makomo, kuona ngati mofini akuthandizadi. Ululu amayeza ndi zala: chimodzi ndi pang'ono, zisanu ndi wosapiririka. Amayi anatambasula dzanja lonse. A Gladys kudabwa. "Mwina thupi lazolowera msanga. Tikauza adokotala awonjezere."

13 Juni
Ndamupeza Nasiru kuseri kwa bafa, botolo la amayi lili kukamwa. Atamwa, n'kudzazamo madzi a mumtsuko. Ndinathamangira kwa amayi, mtima ukuvina. Lero amudziwe mwana wawo wapamtima! Sanatembenuke n'komwe. "Ndikudziwa. Nayenso akumva kuwawa. Iwe Shamim, ukangowauza anthu a kuchipatala aja, mtembo wanga usadzausambitse."

20 Juni
Botolo latsopano, lamphamvu kuposa lija. Ndalitsekera m'sutikesi, kiyi m'khosi. Ndikuwamwetsa ndekha ndi sirinji. Nasiru thukuta kamukamu, mamina, kuchimbudzi osapuma. Anandigwadira: "Achemwali, kadontho kokha." Ndamuuza apite akagwenso pa njinga, achipatala akamupatse botolo lake.

24 Juni
A Gladys abweranso. Zala zisanu zomwe zija. Diso lawo linagwera pa ine. "Mankhwalawa akufikadi kwa wodwala, mayi?" Amayi maso kudenga. Alola kuti wakuba ndikhale ine.

26 Juni
Ndasuzumira pazenera, ndaona. Amayi sameza mankhwalawa iyayi. Amasunga m'masaya, ine ndikatuluka n'kulavulira m'kapu. Nasiru n'kugugudiza, malovu ndi magazi omwe. Kenako amamusisita mutu.
Akumuyamwitsabe.

2 Julaye
Chiyambire Lachisanu, m'sirinji ndikuikamo madzi ine mwini. Alavule, amwe, akhute. Amayi akubuula kuchipinda, Nasiru akugubuduka pakhonde atagwira mimba. Azimayi a kumzikiti anabwera kudzazonda, akuti ana opirira ngati ine anatha kalekale. Ndinawaphikira tiyi.
Mofini weniweni ali m'sutikesi. Dzulo msana unandithyoka ndi kunyamula amayi, ndiye ndinalawa. Pang'ono chabe. Kubuula kuja kunayamba kumvekera kutali, ngati maliro a mudzi wina. Ndagona mpaka dzuwa pamutu.
Lero msana sukupweteka. Koma kiyi ndamuvula kale m'khosi.