Ndodo ya Urangoo Musaisonkhezere Moto

Ulaanbaatar,
18 Seputembala 2023.

Okondedwa achimwene a Gantulga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti udzu wa ziweto mwamweta wokwanira dzinja lachisanu likubwerali. Mkaka wouma munatumiza uja unafika, atsikana anga a timu anaugwera ngati dzombe. Ine ndilipo, kungoti thupi lalema. Kuphunzitsa atsikana masewero a kiriketi kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Mwana umamuumba mpaka adziwe kugwira ndodo, mawa umangomva kuti wapita kukagwira ntchito ku Korea, kaya makolo amuitanitsa. Chaka chino atsikana achuluka ndithu, koma mphunzitsi ndikadali ndekha, wotchetcha bwalo ndinenso.

Pangano lathu mukulikumbukira. Tinati mwana wanu Urangoo akasankhidwa m'timu ya dziko atsala kuno, akalephera abwerera kwanu chisanu chisanagwe, poti miyendo ya alamu sikuwalolanso kulondola nkhosa. Masewero osankhira anachitika Loweruka.

Achimwene, mwanayu anayamba bwino moti osankha anasiya kucheza n'kumamuyang'ana iye yekha. Paja ndinakuuzani kuti ukamenya mpira umathamangira ku timitengo ta tsidya linalo, ndipo mpira ukakagunda timitengoto iwe usanafike, watuluka. Ndiye anamenya, n'kuliyatsa liwiro, koma pakati pa njira anaponda phazi la Khulan, mtsikana amene ankamuponyera mpira. Pompo anaima, nabwerera kukamugwira dzanja, monga tonse tinaleredwera kuti ukaponda mnzako umupatse dzanja, udani usalowe. Ine ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Mmene ankatembenuka, timitengo tinali titagwa kale.

Atatuluka ndinamufunsa, "Iwe, mutu ukuyenda bwino? Dzanja la Khulanlo likanathawa?"

"Azakhali, miyendo inaima yokha," anatero. "Ndiye ndikanangomudutsa ngati mbuzi?"

Osankha anaseka, wina n'kundiuza kuti mwanayu ndi woleredwa bwino koma akhwime kaye mtima, adzamuonanso chaka chamawa. Dzina lake sanalitchule. Chimene chikundipweteka n'chakuti zonse ndinamuphunzitsa, kaimidwe, kamenyedwe, kaponyedwe, koma sizinandibwerere m'mutu kuti ndimuuze kuti pabwalo ulemu umayamba wadikira. Ngakhale ndikanamuuza, kaya akanamva.

Sindikupemphani chaka china. Pangano ndi pangano, ndipo dzinja lathali munataya nkhosa zambiri chifukwa chosowa wothandiza. Ndingonena kuti mwa atsikana onse amene adutsa m'manja mwanga, sindinaonepo womenya mpira ngati ameneyu, ndipo mphamvu zoyambanso ndi wina sindikuziona.

Akwera basi Lachisanu, mukamuchingamire ku Tsetserleg. Ndamugulira nsapato zaubweya, ndaikamonso mankhwala opaka a alamu. M'chikwama mwake mupezamo ndodo yomenyera mpira. Ndi yanga yoyamba ija, ndamuuza kuti yatha ntchito kuti asakane. Chonde, ndowe zouma zimene mumakolezera moto zikadzakutherani pakati pa dzinja, ndodoyo musaisonkhezere moto. Mukadzamva kugogoda kuseri kwa khola nkhosa zitalowa, musiyeni, ndi iyeyo akumenya mpira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse. Urangoo akamatsika basi musamukalipire, achimwene. Mumugwire dzanja, anachita zimene munamuphunzitsa inu.

Ndine mlongo wanu,
Dulamsuren.