Nambala Yanga pa Makatoni a Joana

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Makhanga tilipo. Madzi chaka chino anafika pa khola la mbuzi n'kubwerera. Mapira tapeza pang'ono, mbatata zakudimba ndiye zachita bwino. Mdzukulu wanu Rute wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu ija. Akundilembera kalatayi ndi a Nyakamera oyandikana nawo, poti maso anga ndi zilembo sizinadziwanepo.

Koma nkhani yandikhazika pansi ndi ya Joana, mng'ono wanga, mwana wanu.

Mitengo ya sangowa munabzala ija, imene ena amati cham'mwamba, masiku ano ndi malonda. Tili ndi gulu la amayi. Timayanika masamba, n'kulongedza m'makatoni, ogula a ku Blantyre amadikira ndi galimoto kutsidya. Katoni iliyonse timaimata kapepala ka mizeremizere yakuda. Akuti m'mizeremo muli nambala ya mwini katundu, ndipo kompyuta ya gulu imauziratu kompyuta ya ogulawo, bwato lisanaoloke n'komwe, kuti katoni yakuti ndi ya uje. Amatulutsa timapepalato ndi Zuze, mwana wa Joana, bambo wa ndevu zake tsopano.

Ulendo wathawu Joana anachedwa kuyanika, mvula inamupeza. Tsiku lolongedza anandiitana, akuti msana wamugwira, ndimuthandize kumata. Zuze anandipatsira timapepalato m'manja. Ndinamata bwinobwino, Amayi, kusisita ndi chikhatho kuti tisamatuke m'bwato. Tinkaseka.

Makatoni aja anabwezedwa, masamba atachita chuku. Kompyuta ya ku Blantyre inatchula ine, poti timapepala anandipatsa Zuze tija tinali ta nambala yanga. Gulu landiimitsa, nambala yanga akuti aitseka. Nditatsegula katoni imodzi ndinapeza masamba odzaza timitengo. Inu mukumudziwa amene amapulula sangowa mwaulesi chonchi kuyambira ali mtsikana. Anga oyera aja ndiye anapita m'dzina lake.

Munkati m'bale akakupatsa madzi, usanunkhize chikho. Ine sindinanunkhize. Ndamwa.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti anasankha manja anga. Zuze akanatha kumata yekha. Iwo anafuna kuti gulu likandifunsa, ndivomere kuti ndinamata ndine. Ndipo ndinavomeradi, pamaso pa amayi onse, Joana ali chakumbuyo akukonza duku.

Gulu likumana Lachisanu. Ndikayankhula, Zuze ntchito yamuthera, ndipo ali ndi ana ang'onoang'ono. Ndikakhala chete, masamba a mitengo yanu azingoyoyokera mbuzi, ine nditafa ndi dzina la wogulitsa zowola.

Ndikulonjeza kuti Joana sindimutukwana, tinayamwa bere limodzi. Mawa ndipita kwake, ndikamuuze kuti akanene yekha ndi pakamwa pake. Akakana, Lachisanu ndisenza katoniyo, ndikaitsegule pakati pa amayi. Zikatero, chonde musandibwerere kutulo kudzamupepesera.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani mpaka pano,
Malita