Mkamwini Wanu Wandichotsera Msonkho

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno kutsidya kwa nyanja, ku Maddington, tadzuka, mawondo okha ndiwo akudandaula. Chisomo wathu wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kamwanako kali ndi mphumi yanu yeniyeni, mpaka ndimachita manyazi kukakalipira.

Nkhani yaikulu ndi ya mkamwini wanu, bambo a Chisomo. Chipumireni ntchito yonyamula katundu ku Kewdale, msana utawakana, amangokhala pakhomo. Ine penshoni ndikulandira, koma ndimapitabe masiku angapo kukasamalira okalamba, ndiye yogulira ndiwo imachokera kwa ine. Zimenezi zinawadya mumtima. Anayamba kunena zobwerera kumudzi okha, kwa mlongo wawo, ati asandilemetse. Amayi, ndinkaopa. Ukalamba uno ndikhale ndekha kwa eni?

Paja inu munkati mkamwini azioneka ndi khasu paphewa. Mawu amenewo anawasunga kuposa ine mwana wanu.

Ndiye tsiku lina ndinawakoka kupita kwa mayi amene amatiwerengera za msonkho, ati akangondiperekeza. Mayiyo anafotokoza kuti kuno okalamba boma limawachotserako msonkho. Koma poti bambowa akungodalira penshoni, gawo lawo silikugwira ntchito, choncho lamulo limalola kuti lipite kwa mkazi wawo. Ine ndinawamasulira kuti zili ngati munda wogonera, umene mwini wake wabwereketsa mnzake kuti alimepo.

Bambowa anakhala tsonga. "Ndiye kuti wopereka ndine?" Mayiyo anavomera. "Nanga akazi angawa akanakhala osakwatiwa?" Ati gawo limeneli sindikanalipeza. Eee, mukanawaona! Anakonza kolala, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Apatseni lonselo, musasiyeko."

Ndalama zake si zoti munthu n'kugulira ng'ombe ayi. Koma m'basi monse ankandiuza kuti ndizisamala, ukwati ndi iwo si wamasewera. Kutchalitchi auza kale aliyense, ngakhale amene sanafunse. Ine ndimangoti inde bambo, chifukwa kunena zoona ndimawanyadira. Munthu uyu anathyoka msana kuti ana athu aphunzire.

Dzulo mlongo wawo anaimba foni kufunsa za ulendo. Ndinawamva akuyankha kuti, "Sizitheka achemwali, ndikachoka ine mayiwa boma liwadyera."

Tsalani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ndipo mvula ikatha tibwera kudzalambula pamanda panu, tonse awiri.

Ndine mwana wanu,
Nelesi