Vuma Atatseka Doko la Tarifa

Lolemba, 6 Febuluwale

Kunja kwayera mbee. Mapiri a kwathu ku Moroko akuoneka ngati ungawagende ndi mwala. Nthawi yopuma ndinaima pakhomo la fakitale, manja akununkha nsomba, kumangowayang'ana. Zaka zonsezi kuno ku Sipeni, maso sanazolowerebe.

Bambo anaimba masana. Nkhani yake yomwe ija. Pa wailesi anenanso za njanji yodutsa pansi pa nyanja, ati akatswiri ena ayezanso, ati n'zotheka. Mawu a Bambo ngati a mwana amene amugulira nsapato. "Zhor, uzidzakwera sitima uko tiyi ali pamoto kuno, n'kufika asanazizire." Iwo anakumba nawo dzenje loyesera la njanjiyo pafupi ndi Tanja ine ndili kamtsikana, ntchito n'kuima, ndiye mpaka lero amangoti "una wathu". Amayi amati una wa mbewa uli bwino, umatulukira kwina.

Ndinati mundipatseko Amayi. Ati agona. Amayi Rhimou kugona masana? Sindinafunse zambiri, belu linalira.

Lachiwiri, 7 Febuluwale

Btissam, mkazi wa achimwene Ayachi, pakamwa pamupulumuka. Ndinamuimbira kufunsa za ana, iye n'kuti, "Alamu, kodi sanakuuzeni?" Matenda aja anabwerera nthawi yothyola azitona. Sabata yonse Amayi sakudya, madzi okha a pasupuni.

Mudzi wonse ukudziwa. Ine ndekha ayi. Wa kunja sauzidwa zoipa, ati angadandaule ali kwa eni. Ndinawakalipira achimwene mpaka mawu kusasa. Iwo anangoti, "Bambo ndiwo anatiletsa." Ndakwiya, ndakwiya kwambiri.

Chondiopsa ndi ichi. Chilimwe chatha ndikuwapaka hina wofiiritsa tsitsi m'mutu, Amayi anandigwira dzanja. "Tsiku langa likadzafika, wondisambitsa ndiwe. Asadzandione wina." Bere limodzi anawadula ku chipatala cha ku Tanja, ndinawadwazika ndine, pamudzi tinkangoti ndi ndulu. Chiyambire sanapondenso kunyumba yosambirako azimayi onse. Amaika nsalu m'malaya, m'mawa uliwonse, asanatuluke m'chipinda. Mayi wosambitsa maliro pamudzi pathu ndi wolongolola, ndipo Btissam sasiyana naye. Ndinalumbira kuti ndidzawasambitsa ndine.

Encarna, kapitawo wathu, wandilola kupita. Anandikankha ndi chigongono, ati thamanga, chombo cha madzulo chilipo. Koma munthu wochoka kunja angafike kwawo chimanjamanja? Azakhali anganene chiyani? Ndinakwera basi ya ku Algeciras kukagula mphatso. Bulangete lofewa la Amayi, khofi wa Bambo, nsapato za ana, sopo wa anansi, kansalu ka Btissam kuti asachite nsanje. Pobwera chombo chinali chitapita. Palibe kanthu, cha m'mawa chilipo.

Lachitatu, 8 Febuluwale

Vuma, mphepo ya kum'mawa. Anayamba m'bandakucha, zitseko kumenyeka, mchenga mpaka m'mano. Mapiri aja asowa, kutsidya kuli mbuu. Padoko atseka chipata.

Ndinakoka zikwama kubwerera ku Algeciras, poti zombo zikuluzikulu sizichedwa kuopa. Nazonso azimangirira. Ndege ya ku Tanja ili Loweruka, ndipo yadzaza. Mtsikana wa pazenera ankangondiyankha kuti zili kwa mphepo. Ndinamufunsa ngati mphepoyo ili ndi ofesi ndikaidandaulire. Si mlandu wake, mwana wa eni.

M'chipinda chodikirira tadzazamo. Oyendetsa malole agona pa makatoni. Mkulu wina wa ku Tetouan anamva ndikulankhula ndi Bambo, n'kuseka. "Njanji imeneyo agogo anga anailonjezedwa, ine ndinailonjezedwa, mdzukulu wanga adzailonjezedwanso. Iwe chemwali, gula zipsepse." Ena anaseka. Ine ayi.

Bambo anaika foni pakhutu pa Amayi. Mpweya wokha, wokoka. Ndinati ndikubwera, ndili padoko, ndakugulirani bulangete. Bulangete! Ndi zimene ndinapeza zonena.

Kenako Bambo anayamba za una wawo, ndikuganiza kuti ankaopa kukhala chete. Ati pomwe nyanja yapanikizika m'pakuya zedi, ndiye njanji iyenera kuzungulira kumadzulo komwe kuli kosaya. Ati komweko pansi pake si mwala, ndi dongo lonyowa, ukakumba lero mawa wapeza latupa, likufinya zitsulo. "Tinkalimbana nalo ngati mtanda wa buledi, mwana wanga. Koma makina a masiku ano ndi ena." Ndinawasiya alankhule.

Lachinayi, 9 Febuluwale

Amayi atisiya itangotha swala ya m'mawa. Tonse ndife a Mulungu, kwa Iye tidzabwerera. Ndalemba, koma mtima sunamve.

Anandiuza ndi achimwene. Ndinali pamzere wa tiyi. Mkazi wa mkulu wa ku Tetouan uja anandigwira, kundikhazika pa chikwama changa chomwe. Mwamuna wake anavula chipewa, sanasekenso tsiku lonse.

Kwathu maliro sagona. Womwalira m'mawa amaikidwa masana. Amuna anali atatenga kale makasu, sanda yagulidwa, mayi wosambitsa uja wafika ndi ndowa yake. Bambo anakhala pakhomo la chipinda, ndodo pamiyendo. Ati palibe alowe, tidikira Zhor. Shehe anawauza kuti ulemu wa womwalira ndi kumuika msanga. Bambo ati, "Ndamva, shehe, koma vuma sakhalitsa." Bambo anga Mfeddal, amene sanatsutsepo shehe chibadwire.

Achimwene akundiimbira mobisa, ati ndiwauze Bambo asiye, anthu ayamba kunong'ona, abale ochoka kumapiri akufuna kubwerera ku ziweto. Ndinati sindinena. Ndikudziwa kuti ndikuwazunza Amayi, ndikudziwa. Koma ndinalumbira.

Ndinapita kukaima kumpanda wa doko. Mafunde akudumpha khoma. Kutsidya kuja m'pafupi, pa tsiku labwino mwana wa sukulu amakuona ali pawindo. Chombo cha Lachiwiri chinanyamuka ndi mipando yopanda anthu, ine ndikusankha sopo.

Lachisanu, 10 Febuluwale

Mphepo yakula kuposa dzulo.

Bambo anaimba okha dzuwa litakwera. Mawu ang'onoang'ono. "Mwana wanga, chipinda chayamba kusintha. Ndilole." Kupempha ine, mwana wawo. Ndinati aikeni, Bambo. Ndinati mundikhululukire. Za bere sindinathe kutchula, ndi bambo anga, tinalibe chizolowezi chotere.

Btissam anaimba kawiri, katatu. Sindinayankhe. Ndimve chiyani? Kuti alowa angati m'chipinda, kuti wagwira pakamwa ndani atavundukula? Pofika mawa nkhani ili pachitsime.

Nthawi ya swala ya Lachisanu ndinalowa m'chimbudzi cha padoko, ndinatsegula mpopi, kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Madzi ozizira. Amayi sankafuna madzi ozizira ngakhale m'chilimwe. Ndinalira momwemo, mayi wokolopa akudikira panja ndi ndowa.

Awaika itatha swala. Anthu ambiri, ati mwayi kuikidwa tsiku lotere. Bulangete ndamufunditsa mwana wa mayi wina, amanjenjemera pa benchi.

Lolemba, 13 Febuluwale. Kwathu.

Ndinaoloka dzulo. Nyanja yosalala ngati sinalakwepo. Anthu pamwamba pa chombo kujambulana.

Zikwama zili pakona, sindinamasule. Azakhali afunsa kale kawiri ngati muli khofi.

Bambo achepa thupi. M'manja matuza, ena ophulika. Achimwene ati Bambo anawalanda anyamata khasu kumanda, munthu wa zaka zawo, mpaka anatsikamo okha kusalaza m'mbali. Titakhala awiri pakhonde anayang'ana kunyanja. "Tikanamaliza una uja ukanafika, Zhor. Maenje onse ndakumba ine, lomwe ndamaliza ndi la amayi ako." Ndinafuna kuwauza kuti si dongo lawo linandichedwetsa, ndi sopo ndi nsapato. Anandigwira bondo kuti ndisalankhule. Wailesi aitembenuzira kukhoma.

M'mawa uno tinapita kumanda amayi okhaokha, kukathira madzi pa mtumbira. Ndinkayang'ana nkhope zawo kuti ndione amene akudziwa. Mayi wosambitsa uja anandipatsa moni mouma, wakwiya ndithu. Ndinadabwa.

Pobwera Btissam anatsalira m'mbuyo, nanenso ndinachepetsa liwiro poti phazi linkandipweteka. Anayamba yekha, maso pansi. Ati anawatulutsa onse, wosambitsayo ndi azakhali omwe, anawauza kuti ndi mawu a malemu, n'kukhoma chitseko. Anangolola mng'ono wake kuti azithira madzi ataima kumutu, nsalu ili chifundire kuyambira m'khosi. Madzi ofunda, a maluwa a malalanje. Tsitsi analiluka patatu. Kansalu ka m'malaya kaja anakabwezera pamalo pake asanakulunge sanda.

"Palibe anaona, alamu. Ndinakuimbirani kuti ndikufunseni ngati kansaluko ndikaike kapena ayi. Simunayankhe, ndiye ndinangoganiza ndekha."

Ndinamufunsa kuti anadziwa liti. Ati kuyambira nthawi ya azitona wakhala akuwasambitsa ndi iye, Lachinayi lililonse, chitseko chokhoma. Sanauze ngakhale mwamuna wake. Btissam, amene ine ndimati wailesi ya mudzi.

Tinayenda pang'ono. Kenako ati, "Masabata omalizawa maso anali atachita khungu. Ndikawathira madzi kumsana ankati, wabwera Zhor? Ine ndinkati ndabwera, Amayi."

Ali kukhitchini tsopano, ndikumva akutsuka matambula a alendo, yekha. Ndiyenera kudzuka ndikamuthandize. Ndiyenera kumuuza kanthu. Ndakhala pano pa mphasa ya Amayi chibwerere kumanda.